Maola Awiri Kuchokera ku Joni

M'Kanyama monse, komboni ya mu Lusaka, kuyambira pa msewu wa Mumbwa mpaka uko nyumba zimathera m'miyala, munalibe mwamuna amene anayenda dziko kuposa Moven Njobvu. Sankadikira kuti wina amunenere zimenezi. Ankazinena yekha, paukwati ndi pamaliro pomwe, ndiponso tsiku lililonse pakhomo pa shopu yake ya nsapato ku Kamwala. Anthu ena amasunga mavesi m'mutu, iye ankasunga maola a ndege. Ukanamudzutsa pa tulo n'kumufunsa za Nairobi, akanayankha maso ali chitsinzire kuti maola awiri ndi mphindi makumi anayi ndi zisanu. Dar es Salaam, awiri ndi theka. Dubai, asanu ndi awiri. Ndola, ndege imatera tiyi asanazizire. Koma nyimbo yake yeniyeni inali Johannesburg, ku Joni, kumene ankapita mwezi ndi mwezi kukaoda nsapato: makilomita 1,200, maola awiri chabe.

"Maola awiri, bambo," ankatero akugogoda wotchi yake yaikulu ndi chala. "Inu mukali kudikira minibasi kuti idzale, ine ndatera kale m'dziko la eni."

Chonyadira anali nacho ndithu. Anayamba ndi kugulitsa matumba apulasitiki pa msika wa Soweto mu Lusaka momwemo, kumapazi kulibe kanthu, n'kukwera kufika pa masokosi, n'kufika pa nsapato za salaula, zija zovalidwapo kale, mpaka shopu yokhala ndi dzina lake pachitseko. Mapasipoti atatu anawadzaza ndi zidindo. Ku Joni anafikadi, ku Dar anafikadi, Nairobi anaiponda kawiri. Chinthu chimodzi chokha ndicho chinkaperewera pa mbiri yonseyi: chibadwire Moven anali asanakwerepo ndege. Konseko ankafika pa basi, mawondo atapanikizika kumpando wakutsogolo, makatoni ali m'ngolo kumbuyo. Maola a ndegewo anawaloweza kalekale pa chikwangwani cha ofesi ina yogulitsa matikiti m'tauni. Akabwera ku ulendo ankayamba wagona kunyumba kwake ku Kamwala, mapazi otupa atawaviika m'beseni, ndipo m'mawa mwake ankavala malaya oyera n'kukatsika takisi ku Kanyama ngati munthu wongochoka kumene m'mitambo.

Munthu amene ankakhulupirira maola awiri aja kuposa onse anali mlongo wake wamkulu, a Felistus. Iwo ndiwo anamulera mayi awo atamwalira. Chaka cha 1978, pamene madzi osefukira anagwetsa nyumba za Kanyama, Moven anali ndi zaka zisanu ndipo chikuku chinali chitamugwira koopsa. A Felistus, kamtsikana ka zaka khumi ndi zitatu, anamubereka kumsana n'kudutsa naye m'madzi ofika m'chiuno. Anachoka panyumba wailesi ya aneba ikunena 10 koloko, n'kufika wotchi ya pakhoma la chipatala ili pa hafu pasiti thwelofu. Maola awiri ndi theka. Nkhaniyi inasanduka nthabwala ya awiriwo. A Felistus ankati msana wawo sunalipidwebe. Moven ankati adzalipira ndi ndege, adzawatenga ku Joni, mpando wa pawindo.

"Amenewo ndi maola awiri okha," iwo ankatero. "Nanga theka lotsalalo?"

"Ndidzauza woyendetsa azungulire Kanyama kangapo, muone denga lanu pamene likudontha."

Zaka zinapita, denga Moven analikonza ndi malata atsopano, koma ndege sinakwereke.

Foni inalira Lachitatu lina mu February, cha m'ma hafu seveni m'mawa. Moven anali pa siteshoni yaikulu ya mabasi ku Joni, makatoni ake khumi ndi anayi atalowa kale m'ngolo. Woimba anali Chipego, mwana wamkazi wa a Felistus, amene bambo ake, Mtonga wa ku Monze, anamwalira zaka zinayi zapitazo. Anafotokoza mofulumira. Amayi ake, ndi shuga yawo ija, anali atabisa chilonda cha paphazi m'sokosi kwa milungu itatu. Tsopano phazilo linali litada, thupi lili moto. Namwino wa pa kiliniki analemba kalata yoti apite kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo, osati mawa. Koma iwo anakumbukira mwamuna wawo, amene analowa m'chipatala chomwecho ataperekezedwa ndi aneba okha n'kutulukamo m'bokosi.

"Bakana, ba malume. Bakuti bazapita na imwe. Bakuti ni maola awiri chabe. Basamba kale, bavala na diresi ya kuchalichi."

Moven anapisa dzanja m'thumba ngakhale ankadziwa zimene zinalimo. Amalonda a m'malire ali ndi kachitidwe kawo: tsiku lofika umayamba wagula tikiti yobwerera, ndalama yotsala yonse n'kuisandutsa katundu, chifukwa randi yobwerera nayo kunyumba m'thumba ndi randi yogona. Iye anali katswiri pa zimenezi. Anatsala ndi marandi makumi asanu ndi anayi, buledi theka ndi botolo la madzi. Anayang'ana pa foni, ndipo mpando unalipodi pa ndege ya masana, wa marandi pafupifupi zikwi zisanu ndi chimodzi. Akanaimbira anzake a ku Kamwala kuti amutumizire. Koma ati? Omwe aja ankawaseka kuti akudikira minibasi? Akanati awauze kuti chiyani, munthu amene ndege inali ngati njinga yake?

Dalaivala analiza hutala.

"Uwauze ndikubwera," Moven anatero. "Ndege ya m'mawa yandisiya. Ndikwera ya masana."

Anakwera basi 8 koloko ili pafupi kukwana. Mumtima ankati pofika masana asisi adzatopa ndi kudikira, ndipo Chipego, wouma mutu ngati bambo ake, adzawakokera kuchipatala. Iye adzawapeza komweko mawa atavala malaya oyera, n'kutukwana kampani ya ndege.

Pampando woyandikana naye panali a Chishimba, mayi wa ku Matero, Mbemba wa ku Kasama, wooda mabulangeti. Anali atayenda limodzi msewu umenewu zaka zisanu ndi zitatu. Pakati pa Abemba ndi anthu a kum'mawa pali chimbuya, ubale wa nthabwala, choncho kunyozana kwawo kunali ngati moni: iwo ankamutcha wakudya mbewa, iye ankawatcha akudya anyani. A Chishimba anali atamva zonse za pafoni, koma anadikira mpaka basi itatuluka mumzinda. Kenako anafunsa mokweza, kuti a kumbuyo amve nawo, ngati ndege ya ba mbuya ili ndi ngolo ya mabulangeti kumbuyo kwake, ndiponso ngati atsikana opereka chakudya abwera liti, poti iwo njala yawapweteka. Anthu anaseka. Moven anayesa kubweza za anyani, koma mawu anatuluka opanda mchere. A Chishimba anamuyang'ana kumaso, kuseka n'kutha.

"Uzani mwana zoona," ananong'ona. "Mukamunamiza, nayenso azanamiza odwala."

Iye anati awauza akafika pamalire.

Anafika pa Beitbridge cha m'ma 3 koloko masana, dzuwa likuotcha ngati mbaula. Mzere unali wautali, mabasi asanu patsogolo pawo, katundu yense atatsitsidwa pansi. Ali chiimire pakati pa makatoni ake, foni inaliranso. Chipego anati takisi ya aneba ili pakhomo, yabwera kachiwiri, ndipo mwini wake akuti sadzabweranso kachitatu. Moven anachoka pamzere, n'kutseka khutu linalo ndi chala kuti phokoso la mathiraki lisamveke, n'kunena kuti ndege ya masana yapezeka ndi vuto la makina, awaika pa ya usiku. Anati asadikire, apite, iye awapeza kuchipatala. Panamveka kukwekwesa, foni ikusintha manja.

"Iwe Moven, wanyamuka?"

Mawuwo anali aang'ono, ngati a munthu wolankhulira m'chitini.

"Tatsala pang'ono, asisi. Inu pitani ndi Chipego, ndikupezani komweko."

"Ayi. Ndadikira kuyambira m'mawa, maola awiri andikanike? Chikwama chili apa. Ukatera ubwere kuno, tipitire limodzi."

Apa ndi pamene panali pobwerera. Munthu sangadikire maola makumi atatu ndi phazi lowola, koma maola awiri aliyense amadikira, ndipo akatha amadikiranso ena awiri. Moven ankadziwa zimenezi. Liwu lofunika linali limodzi lokha, lalifupi, lakuti basi, ndipo linali pa lilime. Koma anaona nkhope ya a Felistus pakati pa amayi a kutchalitchi, akuwauza kuti mlongo wawo amadya chakudya cha masana m'mitambo. Anaona zaka khumi ndi chimodzi za malaya oyera. Ananena kuti chabwino, asisi, ndikubwera.

Atawoloka mlatho foni inafa, poti m'Zimbabwe khadi lake la foni silinkagwira. Dziko lonselo analidutsa, makilomita oposa mazana asanu ndi anayi a phula lokumbika, mutu ukugunda pawindo. A Chishimba sanamunyozenso. Anangomupatsa dzira lowiritsa, iye n'kuligwira m'manja mpaka linazizira.

Kunacha kuli mitambo. Pofika pa Chirundu, malire olowera kwawo, cha m'ma 9 koloko Lachinayi, mvula inali ikugwa yosalekeza, Zambezi ali wofiira ndi matope. Khadi la kwawo litangodzuka, foni inanjenjemera kosatha: Chipego anali atamuimbira kakhumi ndi kasanu ndi kawiri. Moven anakaima pansi pa khonde, kutali ndi anzake, n'kuimba. Sanadikire kufunsidwa. Anati ali pa Chirundu, ali pa basi, ndege kunalibe dzulo, kunalibe ndi kale lonse, ndipo afika cha m'ma 2 koloko. Chipego anamumvetsera mpaka kumapeto.

"Ba malume, dzulo msewu unali wouma."

Anapitiriza mosakweza mawu. Mvula inayamba 9 koloko usiku ndipo sinakate. Madzi analowa m'nyumba, bedi analikweza pa mabuloko. Galimoto iliyonse ikuthera pa phula, palibe yolowa mkati. Amayi usiku wonse ankadzidzimuka akamva bingu, n'kumafunsa ngati ndi ndege. Za basi iye sakawauza. "Muzabauza mweka," anatero, n'kudula.

Basi inalowa mu Lusaka 2 koloko itangokwana, maola makumi atatu chichokere ku Joni. Moven, amene sankalola munthu kukhudza katoni yake asanaiwerenge kawiri, anatsika osayang'ana n'kumbuyo komwe. A Chishimba anamuitana, n'kumuponyera zitenje ziwiri zatsopano za m'chikwama chawo. Anati katundu amusungira, mbewa zake sadya, ndipo zitenjezo atenge, Kanyama ya mvula iwo amaidziwa.

Kanyama inamangidwa pa thanthwe, ndipo madzi akagwa alibe kolowera. Amangokhala. Minibasi inamusiya pa phula, pamene amayi ena anali atayala majombo obwereketsa, koma tsikulo majombo analibe ntchito chifukwa madzi ankapitirira m'mawondo. Moven analowa ndi nsapato zake zachikopa za ku Joni. Madziwo anali obiriwira mwakuda, onunkha zimbudzi zosefukira, mabotolo ndi makala zikuyandama. Njira imene ankadutsa pa takisi mphindi khumi, dzanja lili pawindo kupereka moni, inamutengera mphindi makumi asanu.

A Felistus anawapeza atakhala pa bedi, msana atatsamira khoma, madzi akuzungulira mabuloko pansi. Anali mu diresi yabuluu ya kutchalitchi imene anavala dzulo m'mawa, yokwinyika tsopano, duku lili pamutu, chikwama chili pa miyendo. Milomo inali yoyera ndi kuuma. M'chipindamo munali fungo limene Moven analimvapo kamodzi, pa thiraki ya nyama imene inafera pamalire. Maso awo anatenga nthawi kuti amuzindikire.

"Yachedwa ndege yako," anatero.

"Yachedwa, asisi."

Chipego anali ataima pakhomo, siketi atakwinyira m'mawondo, osamupatsa moni. Anati anayesa kuitana mwamuna wa wilibala, koma amayi anakana kuti iwo si thumba la makala, ndiponso mwamunayo ataona phazi anati sangathe kulonjeza kuti madzi salikhudza. Anamuna a pafupi onse anali kalikiliki kutunga madzi m'nyumba zawo, ndipo amayi sakanalola kugwidwa ndi mwamuna wa eni. Moven anavula jekete n'kuliponya pa bedi. Anatembenuka, n'kugwada m'madzimo, msana ataulozetsa kwa mlongo wake.

A Felistus anaseka pang'ono, kuseka kotsokomola. Anafunsa ngati umenewu ndiwo mpando wa pawindo uja.

Chipego anakulunga phazi lodwalalo m'matumba awiri apulasitiki, n'kuwakweza amayi ake pamsana pa amalume ake, n'kuwamanga ndi zitenje za a Chishimba, china pansi pa matako, china m'khwapa, mfundo pachifuwa pa Moven, monga amaberekera mwana. Phazilo analikweza n'kulipatsa Moven kuti aligwire pamwamba pa chiuno. Kenako Chipego anatenga chikwama ndi mpini wa tsache, n'kutsogola kuti azifufuza pansi, chifukwa pansi pa madzi a Kanyama pali maenje a ophwanya miyala, ena ozama kuposa munthu. Potuluka pakhomo Moven anayang'ana wotchi, mwa chizolowezi cha maulendo ake onse. Inali hafu pasiti firii.

Sanali olemera. Zimenezi ndizo zinamuopsa poyamba. Mayi amene kale ankasenza thumba la ufa kuchokera pa msika osapumira anali ngati mtolo wa zovala, koma wotentha, moti kutenthako kunkapyoza malaya. Kulemera kunabwera pambuyo pake, pang'onopang'ono, m'mawondo ndi m'khosi. Phazi lililonse ankayamba walitsetseretsa pansi, kufufuza mwala, kenako n'kuponda. Nsapato imodzi inatsala m'matope asanafike pa mpope wa madzi, ndipo inayo anaivula yekha. Njira yachidule inali itatsekedwa ndi khoma logwa, choncho anazungulira kuseri kwa sukulu, kumene madzi anafika m'ntchafu ndipo anayenda chonyanyamphira kuti pulasitiki isanyowe. Kawiri anawatsamiritsa pa mpanda wa eni kuti apume, osamasula mfundo.

Anthu anali atakhala pa mazenera ndi pa milu ya mabuloko. Ambiri ankamudziwa. Wina pa shebini anafuula kuti taonani, ndege ya ba Joni yatera m'madzi, koma mnzake anamugwira mkono ataona chimene chinali kumsana. Moven sanatembenuke. Pa maulendo onse a m'mapasipoti atatu aja panalibe ndi umodzi womwe umene unatalika ngati makilomita atatu amenewa.

Atadutsa tchalitchi cha malata, a Felistus anasuntha mutu n'kuika pakamwa pafupi ndi khutu lake.

"Unawaona madenga athu uli m'mwamba? Madziwa amaoneka bwanji kumeneko?"

Moven anayenda mapazi khumi. Chipego, patsogolo, anachepetsa liwiro koma sanacheuke.

"Asisi, sindinabwere pa ndege."

"Wabwera pa chiyani?"

"Pa basi. Maola makumi atatu."

"Lero lokha?"

"Masiku onse. Ndege sindinakwerepo chibadwire."

Anadikira khofi la kunkhongo, lija ankamupatsa ali mwana akanama za chenje. Silinabwere. Kunali phokoso la madzi okha ndi mpini wa Chipego ukugogoda miyala. Kenako iwo anayamba kufunsa, mawu akudukaduka. Anafunsa ngati fizi ya Chipego inkabwera pa basi. Iye anati eya. Nanga mankhwala a shuga, nanga malata aja? Eya. Makumi atatu kupita, makumi atatu kubwera? Eya. Mwezi ndi mwezi, zaka zonsezi, ndi msana wake wovutawo? Eya, asisi.

"Chitsiru iwe," anatero. "Chonyadira unali nacho, iwe n'kumanyadira cha eni."

Anapuma kwa kanthawi, mpweya wawo wotentha ukumuomba pakhosi. Kenako anawonjeza, osati mokalipa, koma monga munthu amanenera mtengo wa tomato:

"Ukananena dzulo, ndikanapita ndi takisi ija."

Moven anafufuza mwala wina ndi chala cha kuphazi. Anangokweza phazi lija pang'ono n'kupitiriza.

Kuchokera pamenepo a Felistus anayamba kufunsa nthawi. Ankafunsa pafupipafupi, ndipo iye ankapotoza dzanja n'kuwerenga. Ola limodzi ndi mphindi makumi anayi. Maola awiri. Atamva maola awiri iwo anati ndiye kuti tafika ku Joni, koma sakuonapo nyumba zitalizitali zija. Mvula inayambiranso, yowaza. Chipego anagwera m'dzenje mpaka m'chiuno, n'kudzuka chikwama atachinyamula pamwamba pa mutu. Chala china cha kuphazi kwa Moven chinali chitang'ambika pa mwala, ndipo mfundo ya chitenje inkamudula mpweya. Kutsogolo, pakati pa nyumba ziwiri, anayamba kuona madenga a minibasi akudutsa pa phula.

"Nthawi?"

"Sikisi koloko, asisi."

"Ndiye ndi angati?"

"Awiri ndi theka."

"Yakwana," anatero. "Msana wanga walipidwa. Nditsitse tsopano."

Iye anati atsala pang'ono, msewu ndi uwo, aone minibasi izo. Iwo sanatsutse. Anaika tsaya paphewa lake monga mwana wokhuta. Moven anachita mantha ndi kukhala chete kumeneko, choncho anayamba kulankhula, ndipo m'mutu mwake munalibe china koma zomwe zija. Anati Nairobi, asisi, ndi maola awiri ndi mphindi makumi anayi ndi zisanu, mukumva? Dar ndi awiri ndi theka. Ndola tiyi sazizira. Anati akachira adzagula matikiti awiri enieni, onse akhale oyamba kukwera, ndipo wa pawindo adzakhala iwo. Anawafunsa kuti avomere. Anawafunsanso.

Manja amene anagwira kolala yake kuyambira panyumba anali atamasuka. Anawamva akulendewera, akugunda pachifuwa pake pa phazi lililonse limene ankaponda. Mpweya wotentha uja pakhosi sanaumvenso, koma anadziuza kuti ndi mvula ikuuziziritsa. Sanaitane Chipego. Anayenda, madzi akutsika kufika m'mawondo, kufika m'akakolo, mpaka phazi lake losavala linaponda phula.

Dalaivala wa minibasi ina anatsegula chitseko n'kuyamba kuitana, kenako anayang'anitsitsa, n'kuvula kapu. Chipego anaika chikwama pansi, n'kuzungulira kumbuyo kwa amalume ake. Anakhalako nthawi yaitali. Atabwerera kutsogolo anayamba kumasula mfundo ya chitenje, zala zikukanika chifukwa nsaluyo inali itanyowa n'kulimba, ndipo amayi obwereketsa majombo aja anaimirira n'kubwera kudzathandiza, wina atayala kale chitenje chake pansi pa khonde la grosale.

Moven anaima chowerama, msana ukukana kuwongoka. Phazi lokulungidwa m'pulasitiki lija anali akaligwirabe, louma, madzi sanalikhudze ndi dontho lomwe. Anayang'ana wotchi. Inali mphindi khumi kupitirira sikisi koloko.

Ngongole inali ya maola awiri ndi theka, ndipo anaibweza yonse, mwini wake ali moyo, n'kuivomera ndi pakamwa pake. Za mphindi khumi zapamwambazo Moven Njobvu sanauzepo munthu.